Mavu a mu Januwale

Mponela,
12 Januwale 2024

Mwana wanga Asimenye,

Landira moni wanga. Uli bwanji kumeneko ndi chisanu chanucho? Ife kuno tilipo, kungoti mvula yayamba kudukiza ndipo chimanga chayamba kupinda masamba. Makutu anga ndi omwe aja. Pafoni ndimangomva ngati munthu akuyankhulira m'ndowa, ndiye ndati ndilembe. Komanso foniyo imakhala ndi azakhali ako a Nankhoma, ndipo nkhani iyi sindikufuna idzere m'manja mwa wina.

Mkulu wako Shirley anaimba Lamlungu. Akuti mdzukulu wanga Kondie walumidwa ndi mavu pakhosi, m'chipinda chake chogona, mpaka anathamangira naye kuchipatala. Wachira, tithokoze Mulungu. Koma akuti aka n'kachinayi kupeza mavu m'nyumbamo chichokere iwe pa Khrisimasi. Akuti kumeneko mwezi uno kunja kulibe ngakhale ntchentche. Akuti mavuwo ndi aakulu kuposa amene amawaona nthawi yotentha, ndipo sauluka, amangokwawa pang'onopang'ono ngati akudziwa kumene akupita. Mlamu wako a Thompson anaimirira pa mapemphero a Amalawi amene amatsogolera ku Salford kuja, n'kulengeza kuti m'nyumba mwawo mwatumizidwa zinthu. Dzina sanatchule. Anangoti ndi munthu amene anagona m'nyumbamo n'kuchoka atakwiya, amenenso amadziwana ndi mavu kuyambira kale.

Asimenye, amene ankasunga mavu m'mabotolo ku koleji ku Zomba ndiwe. Pabanja pano palibe anaiwala.

Ine ndikudikira kumva mbali yako. Koma ukudziwa kuti chiliza cha mayi ako tikuvundukula pa 17 Ogasiti. A Thompson anenetsa kuti iwo, Shirley ndi mwana sadzaponda kumanda iwe ukadzakhalapo, pokhapokha uyambe wapita ku Salford, ukagwade pamaso pa gulu, uvomere, akupempherere. Azakhali ako agwirizana nazo, ndipo mwambo wonse akuyendetsa ndi iwowo. Akuti ukapanda kutero, usabwere.

Ndiuze chimene chinachitika pa Khrisimasi. Undilembere wekha, usatume munthu. Ndipo polembapo tsabola uchepetse, ndimakudziwa.

Ndine bambo ako,
Yotamu Nthanda


Rotherham,
3 Febuluwale 2024

Ababa,

Moni wanu ndalandira. Ndili bwino, ngati munthu amene wachotsedwa pagulu la banja la pa WhatsApp osafunsidwa n'komwe angakhale bwino. Kalata yanu yayenda masabata atatu. Ufiti wanga ukanakhala weniweni ndikanabwera palichero kudzaitenga ndekha.

Mwafunsa za Khrisimasi. Ndinapita ku Salford pa 23 Disembala nditaitanidwa. Achemwali anali pa shifiti kuchipatala. A Thompson anali pasofa, dzanja lina Baibulo, lina rimoti. Jekete ndisanavule anandituma kudenga, kumene kuno amati lofiti, kuti ndikatsitse mtengo wa Khrisimasi, mabulangete a alendo ndi makatani okhuthala oti tipachike kuchipinda kwa Kondie. Ndinakwera ine, mlendo, mwini nyumba akukuwa ali pasofa pomwepo kuti, "Alamu, bokosilo lili kumanzere!"

Tsiku la Khrisimasi patebulo panali alendo asanu ndi atatu. A Thompson anandiloza ndi foloko n'kuuza anzawo kuti, "Awa ndi alamu athu amene sukulu inawakanika. Panopa akusambitsa azungu okalamba ku Rotherham." Anthu anaseka. Achemwali anayang'ana m'mbale. Ine ndinati, "Sukulu sinandikanike, alamu. Ndinaisiya chaka chachitatu kuti ndikasambitse apongozi anu zaka zinayi, inu mukutumiza mavesi pafoni." Ndinanyamula chikwama changa n'kukakwera takisi. Mkwiyo akunenawo ndi umenewo. Wanga ndimautulutsira pakamwa. Sindiutumiza ndi tizilombo.

Tsopano valani magalasi ndikuuzeni zimene ndinaphunzira musanandiitanitse ku Zomba.

Mavu a kuno si ngati athu aatali miyendo aja. Chisa chimodzi chimakhala ndi mavu zikwizikwi, onse ana a mayi mmodzi, manthu, monga zimakhalira ndi chiswe. Otsalawo ndi antchito, aakazi okhaokha, aang'ono, oonda. Amene achemwali amawaona pa bini ndi pa botolo la Fanta nthawi yotentha ndi amenewo. Kutalika kwawo kuli ngati chikhadabo cha chala chanu chachikulu. Manthu amawaposa kutali: amafika masentimita awiri, chifuwa chotakata, mimba yaitali yodzaza mafuta. Nthawi yotentha simungamuone chifukwa satuluka m'chisa. Chisanu chikalowa antchito onse amafa, osatsala ndi mmodzi yemwe. Amene amapulumuka ndi ana aakazi amene analeredwa kuti adzakhale amanthu chaka chamawa. Iwowa amafunafuna malo ouma, ozizira, amaluma nsalu kapena thabwa kuti asagwe, amapinda mapiko kunsi kwa mimba, n'kugona mpaka chisanu chitatha. Malo amene amakonda ndi lofiti. Mu lofitimo amakonda m'mikwingwirima ya nsalu zopindidwa.

Ndiye lumikizani nokha. Makatani achoka kozizira, apachikidwa pamwamba pa hita kuchipinda kwa mwana. Manthu wamva kufunda, wayesa chisanu chatha, wadzuka tulo tili m'maso. N'chifukwa chake akukwawa. N'chifukwa chake ndi wamkulu. N'chifukwa chake ndi Januwale, mwezi umene wamng'ono simungamupeze ngakhale mutamufuna ndi tochi. Ngati alipo amene anatumiza mavu kuchipinda kwa Kondie, ndi amene ananditumiza ine kudenga.

Chimene chinkandigwira mtima ku koleji n'chakuti dzira la manthu ndi dzira la wantchito n'limodzimodzi. Kusiyana kumabwera ndi kaleredwe. Mphutsi ina amaiika m'kachipinda kotakasuka n'kumaidyetsa osalekeza. Inzake amaiika m'kachipinda kothina n'kuipatsa chakudya chongokwanira kuti idzathe kugwira ntchito. Sindikunena munthu, Ababa. Ndikunena mavu.

Khumbo, namwino wa ku Liverpool uja, akunyamuka mawa kupita kwawo ku Dowa. Lachinayi ndinamupatsa kabokosi ka machesi koti akusiyireni. Muli awiri: manthu amene ndinamupeza atagona mosungira makatani kuntchito kwathu, ndi wantchito amene anafera pawindo la kochapira chaka chatha. Ndawabaya ndi mapini pakachidutswa ka katoni monga tinkachitira ku labu, kuti asaphwanyike panjira. Inu ndinu telala. Tengani tepi yanu muwayeze. Kalatayi inali isanathe pamene Khumbo ankadutsa, ndiye ibwera papositi.

Za kugwada, iwalani. Mawondo anga anagwada zaka zinayi pambali pa bedi la amayi, anamaliza ntchito yawo. Holide ya Ogasiti ndapempha kale ndipo andipatsa.

Mundiuze amene akumanga chiliza. Asakhale mmisiri uja anamanga cha agogo, chimene chinapendama mvula yoyamba.

Mwana wanu,
Asimenye


Mponela,
14 Febuluwale 2024

Asimenye,

Moni ndikupatsa chifukwa ndine bambo ako basi.

Mtsikana wako Khumbo anafika Lamlungu titangoweruka kutchalitchi. Pakhonde panali azakhali ako ndi amayi a Mvano asanu amene anabwera kudzakambirana za zophika za pachiliza. Khumbo anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Asimenye watumiza kamphatso ka ababa." Amayi aja anayamba kuyamikira kuti koma mwana uyu amakumbuka kwawo. Ndinatsegula ine, ndikuyesa ndi masingano a makina. Azakhali ako anasuzumira paphewa panga.

Kukuwa kwake ndinakumva ngakhale ine wogontha. Amayi a Mvano anabalalika, wina anasiya nsapato imodzi imene ili pano mpaka lero. Mavu awiri akufa, wina wamkulu wina wamng'ono, aliyense wabayidwa pini pamsana, pansi pake timapepala tolembedwa masiku. Azakhali ako anati, "Achimwene, mukufunanso umboni wanji? Wamkuluyu ndi Shirley, wamng'onoyu ndi Kondie. Wayamba kukhomera anthu!" Anatsomphola kabokosiko, kukajambula pafoni, kutumiza ku Salford, kenaka kukathira mchere ndi parafini n'kukatentha kuseri kwa bafa. Khumbo anangoti kukamwa yasa. Ndinamufunsa ngati pali kalata. Anati palibe, unangomupatsa pa siteshoni ya basi n'kunena kuti, "Ababa adziwa chochita."

Ndidziwa chiyani ine, Asimenye? Ndinakupempha mawu, iwe wanditumizira mitembo.

Mavu ndimawadziwa. Ndasoka nawo pakhonde pano zaka makumi anayi, iwo pamwamba ine pansi. Onse amakhala ofanana, palibe wamkulu palibe wamng'ono. Otere, achikasu ngati apakidwa penti, wina wonenepa ngati wadya mnzake, sindinawaonepo.

Tsopano zinthu zaipiratu. Azakhali ako akuti ngakhale dzina lako lisawerengedwe pamodzi ndi ana a malemu. A Thompson akuti gulu lawo lasala kudya masiku atatu. Pamsika amayi amene ankabweretsa madiresi ayamba kudutsa tsidya lina.

Ndikufunsa funso limene sindinaganizepo kuti ndingadzafunse mwana wanga. Kodi walowa zinthu? Ngati kuwawidwa mtima kunakutengera kwa anthu ena, nena, tikuthandize. Ngati ayi, pita ku Salford ukangogwada basi, izi zithe. Mayi ako asavundukulidwe ana ake atagawanika.

Kalatayi ndapatsira Khumbo yemweyo, akubwerera kumapeto kwa mwezi.

Bambo ako,
Yotamu Nthanda


Rotherham,
2 Malichi 2024

Ababa,

Moni. Funso lanu ndaliwerenga katatu mu basi, kachinayi m'chimbudzi cha kuntchito. Yankho ndi ayi. Ndipo ndikufuna mudziwe kuti pa zonse zanenedwa za ine kuyambira Januwale, chimene chandilasa ndi chimenechi chokha. A Thompson anene, azakhali anene. Koma inu munkandiona ndikutembenuza amayi maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Manja omwewo?

Kalata yofotokoza kabokosi kaja ndinaiponya pa 3 Febuluwale. Pitani kupositi mukafunse. Sindibwerezanso zimene zili mmenemo, inki ndi yanga.

Pamodzi pokha mwanena zoona, ndipo mwanena ngati munthu woona ndi maso ake. Mavu athu a pakhonde amafanana onse. Manthu alipo, koma ndi maso simungamusiyanitse. Ku Zomba tinkachita kuwatumbula kuti tione amene ali ndi mazira m'mimba. Pakati pa athuwo ufumu sabadwa nawo, amachita kulimbirana, ndipo manthu akafa wina mwa omwewo amalowa m'malo. A kuno ndi ena, manthu wake amaonekera patali. Ndiye Mmalawi akaona wamkulu wotero m'mwezi wopanda tizilombo, mutu wake umathamangira kwa mfiti. Inuyo ndikukumvetsani. Koma achemwali akhala kuno zaka zisanu ndi zinayi.

Tsiku limene ndinapeza manthu uja, ndinamuonetsa gogo wina amene ndimamusamalira. Ali ndi zaka 91, amaiwala dzina la mwana wake, amandifunsa m'mawa uliwonse kuti ndine ndani. Anangosuzumira n'kunena kuti, "That's a queen, love, she's only sleeping." Munthu wodwala matenda oiwala akudziwa chimene chakanika namwino wa digiri ndi mtsogoleri wa mapemphero.

Uzani achemwali atume munthu akwere mu lofiti yawo ndi tochi. Akapeza chisa chakale chotuwa, changati mapepala, chopanda kanthu mkati. Ndikudziwa adzati ndadziwa bwanji ngati si ine ndinachiika. Ndadziwa chifukwa ndinawerenga. Pabanja pathu chimenechonso chikuoneka kuti ndi mlandu.

Azakhali muwauze kuti mapini aja anali abwino, ndinachita kuitanitsa. Ndipo mayi wa nsapato uja mum'bwezere nsapato yake, angadzati ndaiwulutsa ndine.

Ku Salford sindipita. Ku Mponela ndikubwera.

Asimenye


Mponela,
9 Epulo 2024

Mwana wanga Asimenye,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Kuno chimanga chapsa ndi dzuwa, tikolola zongoti tisachite manyazi.

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi, Lachitatu lapitali. Yoyamba ija inali yonyowa pakona, kaya inagona kuti miyezi iwiri. Ndinatseka shopu, ndinakhala pa makina, ndinawerenga motsatana.

Ndikuululire chinthu. Azakhali ako asanatsomphole kabokosi kaja, ndinali nditakagwira kanthawi ndithu. Diso la telala silidikira tepi. Wamkulu uja anali masentimita awiri kuchotsapo pang'ono, wamng'ono anali imodzi ndi kota. Ndinaona zimenezo ndili ndi mantha, osadziwa kuti ndikuziyezeranji. Nditawerenga kalata yako ndinapeza manambala anga ali momwemo. Diso langa silinanamizepo thalauzi la munthu.

Kenaka ndinachita zauchitsiru. Ndinakwera pampando ndi tepi kuti ndiyeze a pakhonde pangawa. Ndinayeza atatu ndi maso, wachinayi anandiyeza ine. Khutu lomwe silimva lija latupa ngati chitumbuwa. Koma n'zoona, onse ndi saizi imodzi.

Funso lija ndikulibweza. Sindikanayenera kulilemba. Undikhululukire.

Za tizipinda tija ndamva, ngakhale ukuti sukunena munthu. Amene anakuitanitsa ku Zomba ndine. Mayi ako atagwa ndi sitiroko, Shirley anali atatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti amalize, iwe chaka ndi theka. Ndinayeza ngati nsalu, n'kudula kumene kunkaoneka kotalika. Ndinkati ukadzabwerera. Sindinadziwe kuti matenda adzatenga zaka zinayi. Nsalu ukadula sulumikiza osaoneka msoko.

Kalata yako ndinawawerengera azakhali ako. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mfiti yophunzira ndiye yoopsa, imabwera ndi manambala." Shirley ndinamuimbira pafoni ya aneba, ndikukuwa mudzi wonse ukumva. Nditatchula za chisa cha kudenga anadula nkhaniyo msanga. Kenaka anati akulembera yekha.

Koma mwana wanga, tamvera. Ine ndakhulupirira, koma ndili ndekha. Azakhali ako aitana kale abale a ku Ntchisi ndi a ku Karonga, ndipo onse amva mbali imodzi. Ndine nkhalamba yogontha, pamsonkhano akamanong'onezana sindimva. Ngati kugwada kwakukanika, ndili ndi ganizo lina. Bwera sabata yotsatira, pa 24. Anthu adzakhala atabalalika. Tidzapita awiri, iwe ndi ine, udzakhala ndi mayi ako tsiku lonse popanda wokuyang'ana cham'mbali. Chibale ndi fupa, sichiola. Zaka zikadzapita adzaiwala.

Chiliza akumanga ndi a Yusufu a kumsika, si uja. Ndaika levulo ndekha, chawongoka.

Ndine bambo ako,
Yotamu Nthanda


Salford,
27 Epulo 2024

Asi,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo ntchito ikuyenda. Ndikulemba pa breki, ndiye undikhululukire kalembedwe. Pafoni sindingathe, a bambo a Kondie amaona mafoni onse.

Ndikuuza chinthu, koma chithere pakati pa iwe ndi ine. Pa 29 Januwale, iwo ali kuntchito, ndinaitana munthu wa kampani yopha tizilombo. Anakwera mu lofiti n'kutsika akuseka. Anandionetsa chithunzi cha chisa chachikulu ngati dengu, chakale, chopanda kanthu. Anakutumula mabulangete aja n'kupezamo ena awiri atagona. Anati ndi makwini, amanthu ako aja, amapezeka nyumba zambiri, makamaka anthu akatsitsa katundu wa Khrisimasi. Zonse zimene unalembera ababa ananena, kungoti iye anatenga maminitsi asanu.

Madzulo ake ndinawauza a bambo a Kondie. Anati mzungu amaona zakuthupi zokha. Asi, anali atachitira kale umboni pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi. Vidiyo inali itafika ku Leeds ndi ku Liverpool. Kenaka kunabwera chithunzi cha kabokosi kako kaja, anthu anasala kudya, ena anajomba mashifiti. Iwenso unaganiza bwanji kutumiza zinthu zobayidwa mapini kumudzi? Nthawi zina nzeru zakozo zimakupusitsa.

Panopa akabweza mawu, gulu liwachotsa pa utsogoleri, ndipo gululo ndi moyo wawo. Kuntchito kwawo kuweyahausi, kosungira katundu kuja, palibe amawatchula dzina molondola, koma Lamlungu amakhala munthu. Iwe sunakwatiwe, sungamvetse zimene zimachitika m'nyumba mwamuna akachita manyazi. Amene ndimagona m'nyumba muno ndine.

Ndiye ndikupempha ngati mkulu wako. Bwera Lamlungu limodzi mu Meyi, lililonse limene ungathe. Sukuyenera kutchula mawu oti ufiti. Ungonena kuti unali ndi mtima wowawa, ukupempha kumasulidwa. Ugwada maminitsi asanu, akuika manja, tiimba korasi, basi. Mtima wowawa uli nawo ndithu, ndiye si bodza lenileni. Ine ndi iwe tidziwa zoona zake, Mulungunso akudziwa. Mu Ogasiti tikakwera ndege imodzi.

Kondie amakufunsa. Tinamuuza kuti asamakutchule, koma dzulo anati, "Mummy, is Auntie Asi still cross with me?" Akuganiza kuti unamukwiyira iyeyo. Ngati sungachitire ine, chitira mwanayu.

Ukawerenga ung'ambe.

Mkulu wako,
Shirley


Rotherham,
4 Meyi 2024

Achemwali,

Moni. Ndili bwino, ntchito ikuyenda, azungu okalamba aja ndi oyera bwino.

Pa 29 Januwale. Ndawerenga tsikulo n'kutenga kalendala. Ababa anandifunsa ngati ndalowa zinthu pa 14 Febuluwale. Inu munali mutadziwa masabata awiri. Nkhalamba inakwera pampando ndi tepi mu Epulo, kulumidwa khutu, kufuna kudziwa ngati mwana wake ndi mfiti. Inu munali mutadziwa miyezi iwiri. Kusala kudya kuja munasala nawo? Munamva njala yeniyeni, kapena munkadya kukantini ya kuchipatala?

Za kabokosi mwanena zoona. Ndinapusa. Ndinaiwala kuti ndikutumiza kwa anthu amene anandisiyitsa sukulu, ndinayesa ndikutumiza kwa anthu amene ananditumiza kusukulu. Cholakwa chimenecho ndavomera, ndipo ndavomera nditaimirira.

Mukuti mtima wowawa ndili nawo. Ndili nawo, ndipo ndi wanga, ndinaugwirira ntchito. Sindiupereka kwa a Thompson kuti akausandutse umboni wa pavidiyo. Maminitsi asanu mukunenawo sathera ku Salford. Adzafika ku Mponela ine ndisanatsike ndege, ndipo ndidzakhala mfiti imene inavomera mpaka tsiku limene adzandimangire chiliza changa. Mwana aliyense akadzadwala pabanja pano adzayang'ana ine. Amayi anamwalira mutu wawo uli pamiyendo panga, ndiye anthu adzayamba kufunsa kuti anamwalira bwanji. Zimenezo munaziganizira pa breki yanuyo?

Mukuti sindingamvetse za m'nyumba. Mwina. Ngati m'nyumbamo mukuchitika zoposa manyazi, chitseko changa mukuchidziwa, basi ya X78 imaima pafupi, ndipo ndili ndi matiresi owonjezera a inu ndi Kondie. Pamenepo sindidzakufunsani funso. Koma ulemu wa amuna anu sindiugula ndi dzina langa. Ndakugwirirani ntchito zokwanira, achemwali. Ndinakugwirirani ya ku Mponela, ndinakukwererani kudenga. Iyi yokha mugwira nokha.

Kondie mumuuze kuti sindinamukwiyire, ndiponso kachilombo kaja sikanamukwiyire. Kanadzutsidwa nthawi isanakwane, kanapezeka pakhosi pa munthu, kanachita mantha. Mukalephera kumuuza, ndidzamuuza ndekha akadzakula, pamodzi ndi zina zonse.

Ababa andipempha kuti ndidzabwere pa 24, anthu atabalalika, ngati wakuba wobwera kudzaona munda wa eni. Ndawayankha dzulo kuti ayi. Ndimawakonda, koma ayi.

Kalata yanu sindinang'ambe. Sindinaijambulenso, ndipo sindiitumiza ku Mponela, ngakhale ikanandiyeretsa tsiku limodzi. Ndakubwezerani, ili mu envelopu yomweyi. Zoona zimenezi ndi zanu, munachita kuziitanira munthu wa kampani. Muzisunge kapena muzinene.

Pa 17 Ogasiti ndidzafika kumanda m'mawa anthu asanabwere, ndidzasesa, ndidzakhala kumutu kwa amayi. Dzina langa akapanda kuliwerenga ndidzalitchula ndekha, mawu ndili nawo. Amene akuopa mfiti adzaime patali, kumanda kuja malo ndi ambiri. Azakhali adzaima patali chifukwa akuopadi, ndipo sindidzawada. Inu mukudziwa kuti palibe choopa.

Ndidzaona pamene mudzaime.

Mng'ono wanu,
Asimenye